Kukawedza tuna kuseri kwa Cape Point mu Epulo: yankho kwa mwana wa msodzi

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Nkhotakota amene akugwira ntchito ku Hout Bay, mumzinda wa Cape Town. Iwo alemba kuti: "Abwana anga ali ndi boti la injini ziwiri, ndipo andiuza kuti kumayambiriro kwa Epulo adzanditenga kukawedza tuna. Ine ndinakulira pagombe, bambo anga anali ndi chilimira, ndipo madzi sindiwaopa. Kodi zimene ndikudziwa za kunyanja kwathu zidzandikwanira? N'chifukwa chiyani akudikira Epulo pamene dzuwa labwino linali mu Disembala? Nanga nsomba imene adzandigawire ndingagulitseko kwa abale athu kuno?"

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ndiyamba ndi nkhani ya mwezi, chifukwa mukamvetsa chimene abwana anuwo akudikira, zina zonse zidzamveka mosavuta. Iwo sakudikira dzuwa ayi, akudikira kuti mphepo igonje ndiponso kuti madzi ofunda asendere kufupi ndi mtunda.

Inu mwakhala ku Hout Bay, ndiye mukuidziwa mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imawomba m'miyezi yotentha, ija imasasula malata ndi kuthira mchenga m'maso, imene eni dziko amaitcha Cape Doctor. Mphepo imeneyi ikawomba masiku angapo otsatizana, imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe la kumadzulo, ndipo m'malo mwake mumakwera madzi a pansi penipeni, ozizira ngati ochokera m'firiji. N'chifukwa chake mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo, munthu akaponda madzi pa Hout Bay kapena pa Camps Bay amadumpha, popeza nthawi zambiri amakhala pakati pa madigiri 10 ndi 14. Zoterezi si zachilendo kwa munthu wa kunyanja, chifukwa nawonso Mwera ukalimba mu Juni ndi Julaye umavundula madzi ozizira kum'mwera kwa nyanja yathu, kungoti kwathu kuziziraku sikufika pomwe kumafika kuno. Madzi ozizirawa ndi obiriwira ndipo ali ndi chakudya chambiri cha tinsomba ting'onoting'ono, koma tuna wa mtundu wa yellowfin, chinsomba cha zipsepse zachikasu chimene abwana anu akuchifuna, sakhalamo. Iye amayenda ndi madzi ofunda a madigiri 18 mpaka 21 kapena kuposerapo.

Madzi ofundawo amachokera kum'mawa. M'nyanja yamchere muli mitsinje yake yoyenda m'kati mwa madzi ena, yofanana ndi chimene asodzi ena a kwathu amachitcha mweza, koma yaikulu kwabasi. Umodzi mwa iyo ndi wa Agulhas, umene umatsika kuchokera m'nyanja ya Indian, n'kudutsa kufupi ndi Durban, ndipo ukafika kum'mwera kwa Africa umakhota n'kubwerera kum'mawa, koma pokhotapo umasiya zigawo za madzi ofunda zimene zimalowera m'nyanja ya Atlantic. Mu Malichi ndi Epulo, nthawi imene kwathu mvula ikutsazika ndipo anthu akuwotcha mondokwa, kuno chilimwe chimakhala chikutha. Cape Doctor amayamba kupumira, mikuntho ya nyengo yachisanu imakhala isanakhazikike, ndipo madzi ofunda aja amasendera kufupi ndi Cape Point, nsonga ya mtunda ya kum'mwera kwa Cape Town, moti boti laling'ono likhoza kuwafikira n'kubwerako tsiku lomwelo. Sindikunena kuti miyezi ina kulibe tuna, chifukwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala amapezekanso, koma masiku abata amachepa nthawi imeneyo, ndipo asodzi ambiri amene ndayenda nawo amayembekezera Epulo ndi Meyi akafuna nsomba zikuluzikulu, za makilogalamu 40 mpaka 80, nthawi zina kuposa pamenepo. Choncho abwana anu asankha bwino, koma musadabwe akadzasintha tsiku kawiri kapena katatu, ngakhale usiku woti mawa ndi ulendo. Woyendetsa boti amene amalephereza ulendo chifukwa cha nyengo ndi amene ine ndimakwera naye mtima uli m'malo.

Malo owedzerawo ali kutali kuposa momwe mukuganizira. Maboti amapita mamailosi a panyanja 20 mpaka 40 kum'mwera chakumadzulo kwa Cape Point, ndipo popeza mailo imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852, tikunena makilomita pafupifupi 37 mpaka 74. Nyanja yathu pamene yatambalala kwambiri ndi makilomita pafupifupi 75, kotero kuti tsiku lina mudzayenda mtunda wonga wowoloka nyanja yonse, koma kutsidya kulibe gombe, kulibe phiri loti muliloze. Kumeneko ndi kumene pansi pa nyanja pamatsetsereka mwadzidzidzi kuchoka pa mamita mazana angapo kufika kupitirira 1,000. Mudzanyamuka kudakali mdima ndipo mudzayenda maola awiri kapena atatu mbedza isanalowe m'madzi.

Pa ulendo wopitawu ndi pamene maso anu a mwana wa msodzi adzakuthandizeni, ndipo pano ndikuyamikireni, chifukwa alendo ambiri amene amakwera maboti amenewa amangoona madzi basi. Inu muziyang'ana mtundu wa madzi. Pochoka pa Hout Bay amakhala obiriwira ndi a mbuu, kenako amayamba kuyera, ndipo pena pake mumapeza malire ooneka ndi maso, mbali ino obiriwira, mbali inayo abuluu modera ngati inki, oyera moti chingwe mumachiona chikutsika mpaka kutali. Pa malirewo kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi kamakwera ndi digiri imodzi kapena awiri pa kamtunda kochepa, ndipo woyendetsa boti amachepetsa liwiro n'kulamula kuti zingwe ziponyedwe. Monga utaka umasonkhana pa chilundu, nsomba za m'nyanja yaikulu zimasonkhana pamene madzi a mitundu iwiri akumana. Muziyang'ananso mbalame, chifukwa zikamazungulira malo amodzi n'kumadziponya m'madzi ndiye kuti pansipo pali zazikulu zimene zikuthamangitsira tinsomba pamwamba. Kumeneko mudzaona albatross, mbalame ya mapiko aatali kuposa munthu atatambasula manja, imene imauluka nthawi yaitali osakupiza. Chizindikiro china chimene kwathu kulibe ndi sitima zokoka makoka a nsomba za hake. Sitima zimenezi zikamakweza khoka ndi kutaya matumbo ndi mitu, kumbuyo kwake kumadzaza mbalame zikwizikwi, ndipo pansi pa mbalamezo pamayenda tuna akudya zaulere. Maboti ang'onoang'ono amazilondola, koma woyendetsa wanzeru sadutsa pafupi ndi zingwe za khoka.

Tsopano ndinene mosabisa mawu kumene kukulira pagombe kungakunamizeni. Mwati madzi simuwaopa, ndipo ndikukhulupirira, koma nanenso ndinanena chimodzimodzi. Ndinali nditakwerapo Ilala Mwera uli pachimake, anthu akugubuduzika pamodzi ndi matumba a ufa, ine ndili chilili ndikudya nthochi, ndiye pa ulendo wanga woyamba wa tuna ndinakana mankhwala amene anandipatsa. Tisanathe ola limodzi ndinali nditagwira m'mphepete mwa boti ndikubweza tiyi yense wa m'mawa, ndipo tsiku lonselo ndinalithera chogona pa thumba la majekete, anzanga akukoka nsomba pamwamba pa mutu wanga. Chifukwa chake n'chakuti funde la kuno ndi la mtundu wina. Funde la kwathu limabadwira pomwepo: mphepo ikawomba limadzuka, lalifupi ndi lothinana, likumenya bwato pafupipafupi, ndipo mphepo ikaleka nalonso limagona. La ku Cape limabadwira ku mikuntho ya kutali kum'mwera, makilomita zikwi zingapo, ndipo limafika ngakhale tsiku lopanda kamphepo n'komwe. Limabwera ngati chitunda choyenda, lina n'kutsatira pakatha masekondi 12 kapena 15, ndipo boti limakwera pang'onopang'ono n'kutsika pang'onopang'ono tsiku lonse osapumira. Kukwera ndi kutsika kwapang'onopang'onoku ndi kumene kumasokoneza m'kati mwa khutu, momwe muli ziwalo zothandiza munthu kuima osagwa, ndipo kumaipiraipira injini zikazimitsidwa, boti likungoyandama, fungo la mafuta litasakanikirana ndi la nyambo.

Pitani ku famase tsiku lisanafike mukapemphe mankhwala oletsa nseru ya paulendo. Odziwika kuno ndi Stugeron ndi Valoid, koma muwauze a ku famasewo za mankhwala ena amene mumamwa ndi matenda amene muli nawo, kuti akusankhireni oyenera ndi kukuuzani kamwedwe kake. Mankhwalawa amagwira ntchito akamwedwa nseru isanayambe, ndipo amabweretsa tulo, choncho si oyendetsera galimoto. Usiku wakewo musamwe mowa, mugone msanga, ndipo m'mawa mudye chakudya chopepuka chopanda mafuta ambiri, osati kupita ndi njala. Mukayamba kumva malovu akudzaza m'kamwa, musalowe m'kachipinda ka boti kapena kuwerama pa foni, koma imani panja pamene pakupita mphepo, maso ali kumene thambo lakumana ndi madzi.

Chachiwiri chimene chingakunamizeni ndi kusambira. Madzi a kwathu ndi ofunda chaka chonse, ndipo mwana wa ku Nkhotakota bwato likagubuduzika amasambira kapena kuligwira mpaka anzake afike. M'madzi a madigiri 12 thupi limachita zake lokha. Munthu akangogweramo amakoka mpweya mwadzidzidzi mosafuna, ndipo ngati mutu uli pansi amakoka madzi, kenako pakangotha mphindi zochepa zala zimauma moti sangagwire chingwe chimene amuponyera. Katswiri wosambira ndi wosadziwa kusambira amafanana pamenepo, chowasiyanitsa ndi jekete yoyandamitsa basi. Ivaleni potuluka ndi polowa padooko ndiponso nthawi iliyonse imene nyanja yavuta, ngakhale ena aseke. Mutengenso zovala zofunda ndi jekete yosalowa madzi, chifukwa m'mamawa boti likamathamanga kumazizira ngati ku Dedza mu Juni, pamene masana dzuwa lowala pamadzi limawotcha khungu ndi maso, choncho chipewa ndi magalasi a dzuwa musasiye. Nsapato zikhale zotseka zala ndi zosaterera, osati mapatapata, popeza pansi pa boti pamadzaza magazi, mbedza ndi mipeni.

Nyengo imeneyi ilinso ndi chifunga, chimene chimagwa mpweya wofunda ukadutsa pamwamba pa madzi ozizira. Mu Epulo 1911 sitima ya ku Portugal yotchedwa Lusitania inagunda mwala wa Bellows Rock kufupi ndi Cape Point, nyali yolondolera sitima imene inali pamwamba pa phiri itabisika m'mitambo, ndipo pambuyo pake anamanga nyali ina m'munsi. Lero maboti ali ndi GPS ndi wailesi, komabe mwalawo uli pomwepo ndipo sitima zikuluzikulu za katundu zimadutsa m'njira yomweyo imene inu mudzadutse. Pa chifukwa chimenechi si mwano kudziwa za boti limene mukukwera. Ku South Africa maboti ang'onoang'ono amayang'aniridwa ndi bungwe la SAMSA, ndipo amaikidwa m'magulu malinga ndi mtunda umene aloledwa kupita: la gulu C limalekezera mamailosi 15 kuchokera kumtunda, la gulu B limafika 40. Boti lopita kwa tuna liyenera kukhala la gulu B kapena A, likhale ndi satifiketi yosonyeza kuti linayesedwa chaka chimenecho, ndipo woyendetsa akhale ndi chiphaso cha gulu lomwelo. Ndikudziwa kuti kufunsa abwana mapepala n'kovuta, koma mukhoza kuwapempha mwaulemu kuti, "Bwana, tisananyamuke mundionetse pamene pali majekete, zozimitsira moto ndi wailesi, kuti china chitachitika ndithe kuthandiza." Mwini boti wosamala amakondwera ndi pempho lotere. Muphunzire kuti tchanelo 16 pa wailesi ya VHF ndi yoitanira thandizo, chifukwa foni ya m'manja imataya netiweki mukatalikira, ndiponso kuti gulu la anthu odzipereka lopulumutsa anthu panyanja, la NSRI, lili ndi malo ake pa Hout Bay pomwepo. Kunyumba musiye mawu a nthawi imene mukuyembekezeka kubwera.

Kawedzedwe kake kali pawiri. Poyamba boti limayenda pang'onopang'ono likukoka nyambo zapulasitiki zinayi kapena zisanu kumbuyo, zina zooneka ngati tinsomba, zina ngati ngayaye za mitundumitundu. Amene anakokapo mbedza kumbuyo kwa bwato pofuna ncheni akudziwa nzeru yake. Njira imeneyi ndi yofufuzira, ndipo kawirikawiri woyamba kugwira amakhala longfin, tuna wocheperapo wa zipsepse zazitali za m'mbali, wa makilogalamu 10 mpaka 20. Nsomba zikapezeka, injini zimazimitsidwa ndipo ntchito yeniyeni imayamba. Mmodzi amakhala pa bokosi la nsomba za sardine akuzidula tizidutswa n'kumaponya m'madzi kamodzikamodzi, osati kukhuthula, kuti tizidutswato tipange mzere wotsika ndi madzi. Ngati adzakupatseni ntchito imeneyi musaione ngati yonyozeka, chifukwa mzerewo ukaduka kwa mphindi zochepa nsomba zimatsatira chakudya chimene chapita kale n'kulisiya boti. Ndiye mumaona chinthu chimene sichiiwalika: pansi pa boti, m'madzi oyera aja, pamadutsa mthunzi wautali ngati munthu wamkulu, msana wakuda, m'mbali mukung'anima, zipsepse ziwiri zachikasu zopindika ngati chikwakwa, n'kutola kachidutswa kamodzi mosapupuluma, kutembenuka, kutolanso kena.

Tuna ali ndi maso akuthwa. Mbedza imabisidwa yonse m'kati mwa chidutswa cha nyambo, imamangidwa ku chingwe chosaoneka bwino m'madzi, ndipo imaponyedwa pamodzi ndi tizidutswa tina kuti izitsika mofanana nato. Wowedza amasolola chingwe ndi dzanja pang'onopang'ono kuti nyambo isakokeke, chifukwa ikangoima pamene zinzake zikutsika, nsomba imailambalala. Pano pali chizolowezi cha kwathu chimene muyenera kuchisiya pagombe. Powedza kampango ndi chingwe cha m'manja timachikulunga kuchikhatho kuti tikoke bwino. Mukachita zimenezo ndi tuna wa makilogalamu 60 mudzataya zala, kapena adzakukokerani m'madzi. Chingwe chigwireni ndi nsonga za zala zokha, muonetsetse kuti sichinazungulire phazi, ndipo chikangothamanga chisiyeni, ndodo ndi rilu, chokulungira chingwe cha pandodopo, zigwire ntchito yake.

Rilu ya tuna ili ndi mabuleki amene amalola chingwe kutuluka nsomba ikakoka kupitirira muyezo, ndipo muyezowo amautchera pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu imene chingwecho chingadukire. Musawagwire mabulekiwo pokhapokha woyendetsa boti atanena. Nsomba ikagwira imathawa ndi chingwe mamita oposa 100 rilu ikulira, ndipo nthawi imeneyo palibe chochita koma kugwira ndodo. Adzakumangani lamba wa m'chiuno ndi chotsamiritsira ndodo pantchafu, ndipo chinsinsi chili pa kugwiritsa ntchito miyendo ndi kulemera kwa thupi, osati mikono. Mumakhala ngati mukufuna kukhala pampando kuti ndodo ikwere, kenako mumaweramira kutsogolo mukukulunga chingwe chimene mwapezacho, kamodzi kapena kawiri, n'kubwerezanso. Amuna amphamvu ozolowera kukoka khoka ndi amene amatopa msanga, chifukwa amafuna kuthana nayo ndi mikono m'mphindi khumi zoyamba, kenako msana umagwira. Yellowfin akatopa sabwera pamwamba, koma amatsikira pansi pa boti, n'kugona cham'mbali, n'kumazungulira mozungulira waukulu. Pamenepa ndi pamene ola limathera, nthawi zina awiri. Pa kuzungulira kulikonse pali mbali imene nsomba imabwera chakwanu, ndipo ndi pomwe mumapezerapo chingwe, pamene ikamapita mbali inayo mumangogwira. Mukapumula inu, nayonso ikupumula. Mukaona kuti simungathe, nenani kuti wina alandire ndodo, chifukwa nsomba imene yalimbana nthawi yaitali nyama yake imawonongeka. Ikafika pambali pa boti, ngowe ndi ya amene anazolowera, inu mubwerere m'mbuyo pang'ono ndodo ili m'manja, popeza nsomba ikhoza kuthawanso. Dziwaninso kuti pali akuba: shaki ndi nyama zotchedwa seal, zonga katumbu wamkulu, zimene zimatha kukusiyirani mutu wokha pa mbedza.

Gawo limene asodzi ongosangalala ambiri amalephera ndi la nsomba ikalowa m'boti, ndipo ndikufuna mulimvetse chifukwa ndi limene lidzafike pa mbale ya ana anu. Tuna ndi wosiyana ndi chambo kapena kampango chifukwa thupi lake limasunga kutentha kumene minofu imapanga, moti m'kati mwake mumakhala motentha kuposa madzi amene akusambiramo, ndipo akalimbana ola lathunthu amatentheratu. Akasiyidwa padzuwa, nyama yofiira bwino ija imasanduka yotuwa, yofewa ndi yowawasa. Choopsa kwambiri n'chakuti tizilombo tosaoneka timayamba kupanga poizoni wotchedwa histamine m'nyamamo, ndipo poizoni ameneyu sathetsedwa ndi kuphika, kukazinga, kuwamba kapena kuumitsa m'firiji. Wodya amafiira nkhope, mutu umawawa, thupi limayabwa, mtima umathamanga ndipo amatsegula m'mimba pasanathe nthawi yaitali, pamene nsombayo mwina sinanunkhe n'komwe. Choncho nsomba ikangokwera amaibaya muubongo kuti ife msanga, amaicheka pang'ono kuseri kwa zipsepse za m'mbali kuti magazi atuluke, amachotsa matumbo ndi zopumira za m'mutu, kenako amaithira ayisi m'mimba ndi kuikwirira yonse mu ayisi wosakaniza ndi madzi a m'nyanja. Ndinaonapo anthu atagwira nsomba zinayi zikuluzikulu ali ndi matumba awiri okha a ayisi, n'kuzifunditsa chiguduli chonyowa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka madzulo, ndipo pofika padooko anajambulitsa zithunzi zokongola ndi nyama yoyenera kutayidwa. Nzeru ya kwathu yoyanika usipa pa thandala isayesedwe pa tuna, chifukwa mnofu wake ndi wochindikala ndipo umawonongeka m'kati kunja kusanaume.

Za kugulitsa, yankho ndi lakuti ayi. Lamulo la Marine Living Resources Act la 1998 limafuna kuti aliyense wowedza m'nyanja mongosangalala akhale ndi chilolezo cha dzina lake, ndipo cha abwana anu sichikuphimbani inu. Chimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango, usodzi ndi chilengedwe, kale anthu ankagula ku positi ofesi ndipo masiku ano chimapezekanso pa intaneti. Chilolezo chimenechi chimanena poyera kuti nsomba zogwidwa nacho sizigulitsidwa kapena kusinthanitsidwa ndi katundu. Ndikudziwa kuti kwa ife nsomba ndi ndalama, ndipo n'zovuta kumvetsa kuti munthu awononge mafuta ochuluka chotero n'kubwera ndi nsomba yoti angodya, koma ufulu wogulitsa uli ndi asodzi a malonda amene ali ndi zilolezo zina. Oyang'anira za usodzi amayendera madooko, ndipo wogwidwa akhoza kulipitsidwa chindapusa, kulandidwa zipangizo, ngakhale kuika boti la abwana anu pa mlandu. Kwa munthu wobwera, mlandu wotere ukhozanso kudetsa mapepala okhalira m'dziko. Kugawira abale kwaulere palibe choletsa.

Pali malirenso a kuchuluka: tuna saposa 10 pa munthu mmodzi pa tsiku, ndipo yellowfin wosakwana makilogalamu 3.2 amabwezedwa m'madzi. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho muwerenge zimene zalembedwa pa chilolezo chanu. Maganizo anga ndi akuti 10 ndi wochuluka kwambiri pa nsomba zazikulu chotere. Pafupifupi theka la kulemera kwa tuna ndi mnofu wokhawokha, kotero kuti mmodzi wa makilogalamu 60 amadzaza firiji ya banja n'kutsalako wogawira mpingo wonse. Boti likagwira zokwana ayisi amene lanyamula, zotsalazo ndi zomasula zili m'madzi, osazibaya ndi ngowe, ndipo mbedza zopindikira m'kati zimathandiza chifukwa zimakola pakona pa kamwa m'malo momezedwa. Ife amene tinaona chambo chikuchepa m'nyanja ya Malombe sitifunika kuuzidwa kawiri za nsomba zooneka ngati sizingathe.

Zikadzachitika kuti nyengo yakana ulendo wakutali, abwana anu akhoza kusankha kuwedza kufupi ndi mtunda, kumene nyengo imeneyi kumapezeka yellowtail, nsomba yamphamvu ya mchira wachikasu imene imayenda m'magulu kufupi ndi Cape Point. Kwa munthu woyamba, tsiku lotere ndi sukulu yabwino kuposa kuyambira pa chinsomba cha makilogalamu 70. Kungoti gombe lonse lozungulira pamenepo lili m'dera lotetezedwa la Table Mountain National Park, ndipo muli zigawo zimene kuwedza n'koletsedwa, chimodzi mwa izo ndi cha Karbonkelberg, pongotuluka pa Hout Bay.

Gawo lanu mukalandira, lifikitseni kunyumba lili mu ayisi, mulidule m'mapisi okwana kuphika kamodzi, mukulunge lililonse m'pulasitiki mothina kuti musalowe mpweya, ndipo zimene simudya m'masiku awiri muziumitse m'firiji usiku womwewo. Mzere wa nyama yakuda wa pakati uli ndi fungo lamphamvu, ena amauchotsa. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono asadye tuna wamkulu kawirikawiri, chifukwa nsomba zikuluzikulu zodya zinzake zimasunga poizoni wotchedwa mercury m'thupi. Pophika, muwauze amayi a kunyumba kuti asamukazinge nthawi yaitali ngati chambo, popeza mnofu wake ulibe mafuta ambiri ndipo umauma n'kukhala ngati thabwa. Mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse pa moto waukulu n'zokwanira, kapena aphike kaye msuzi wa tomato ndi anyezi n'kuikamo nsombayo chakumapeto. Ndipo abwana anu akamadula padooko, pemphani mutu, nyama ya kuseri kwa mutu ndi ya kumimba. Eni maboti ambiri amangotenga minofu inayi ya m'mbali n'kutaya zotsalazo, pamene mafuta onse ali kumeneko, ndipo mutu umodzi wa yellowfin ndi ndiwo za nsima zokwana nyumba ziwiri.